Ndowa Yofiira ya Nsomba za a Haji

Mariya ndi Pio, ana anga, za ubwana wanga ku Lobi sindilemba, poti palibe chimene simuchidziwa: kulima nyemba, kutunga madzi, sukulu yolekezera Sitandade 4. Ndilemba za ntchito. Mwakhala mukundifunsa zinthu ziwiri, kuti chifuwa cha bambo anu chinayamba bwanji, ndiponso kuti ndinachoka bwanji kwa a Haji nditagwirako zaka zonse zija. Yankho lake ndi limodzi, ndipo ndalibisa nthawi yaitali. Maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndilembe akadali kuona.

Chaka choyamba, mwezi wa Meyi

Ndinalowa ntchito panyumba ya a Haji iwe Pio ukadali kumsana. Bambo anu, a Bonifasi, anali atagwirapo kale zaka zitatu. Ankasamalira maluwa, kukonza mipopi yodontha, ndi china chilichonse chofuna sipanala. A Haji anali ndi sitolo ya zipangizo zomangira pa Dedza boma, ndi malole awiri opita kudoko ku Mozambiki. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kusukulu kutali, ndiye ankafuna munthu wochapa ndi kusita. Tsiku loyamba bambo anu anandilowetsa pabalaza nsapato zili m'manja, nandiimika kutsogolo kwa chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Inali thanki yagalasi, kutalika kwake ngati chitseko chogoneka, yodzaza madzi, nyale yabuluu ikuwala pamwamba. M'kati munali tinsomba tachikasu, tina tamizeremizere, ndi miyala yomera zinthu zonga maluwa zimene zinkagwedezeka zokha.

"Kodi zimenezi adya liti?" ndinafunsa monong'ona.

"Sizidyedwa, Nachisale," anatero bambo anu.

"Nanga n'zachiyani?"

"N'zoyang'ana."

"Nsomba zoyang'ana! Ife usipa timauyang'ana pamsika chifukwa chosowa, awa achita kugula dala kuti aziyang'ana?"

A Haji anali pakhomo la chipinda chawo ndipo anamva zonse. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe, koma iwo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Mayi a Mariya, mwanena zoona. Ndine wopusa amene ndinanyamula nyanja kubwera nayo paphiri." Anandiuza kuti pamene ankayendetsa okha lole anafika kunyanja yamchere, naona zinthu zimenezi pansi pa madzi, ndipo sanaziiwale. Kenako nkhope inasintha, nandipatsa malamulo. Sopo asayandikire thanki. Mankhwala opopera udzudzu asalowe pabalaza. Ndikadzola mafuta m'manja ndisakhudze madzi. "Miyalayi ndi yamoyo," anatero. "Ikakwiya imadzitseka, ikadwala imayera, ikayera ndiye kuti yafa."

Moyo wa thankiyo unali m'mapampu. Pampu yaikulu inkakhala m'kabati yapansi, n'kumakankha madzi kuti akwere, azungulire, atsikenso. Mapampu aang'ono awiri ankakhala m'madzi momwemo kupanga mafunde. Madzi akaima mpweya umatha, ndipo zamoyo zimayamba kuvutika dzuwa lisanalowe. Vuto linali lakuti madzi amchere amasiya zoyera zouma gwa, zonga zimene zimamata m'ketulo koma zolimba kuposa pamenepo. Bambo anu ankazitcha njereza. Njereza ikamata kafani ka m'kati, pampu imayamba kulira ngati munthu wamkonono, kenako zii. Ukaipala ndi mpeni umavulaza pulasitiki. Imachoka ndi chinthu chowawasa, chimene amati asidi.

Masiku amenewo bambo anu ankatsukira asidi wa m'sitolo ya a Haji, uja amisiri amachotsera simenti pa njerwa ndi pa matailosi. Ankabwera m'chigubu chojambulidwa chigaza cha munthu, ndipo ukatsegula ankatulutsa kautsi. Miyezi iwiri iliyonse bambo anu ankatunga madzi m'ndowa, kuthiramo asidi pang'ono, kuikamo pampu, ndipo njereza inkachita thovu n'kusungunuka munthu asanamalize kapu ya tiyi. "Madzi ayambe, asidi atsatire," ankatero nthawi zonse ngati pemphero. Ankainyadira ntchitoyo. Ine ndinkaima patali.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, Lachinayi lina la mu Juni

Apa ndi pamene ndakhala ndikulumpha ndikamakusimbirani. Panyumbapo panali ndowa ziwiri zabuluu zofanana, zogulidwa tsiku limodzi. Ina inali yanga yochapira, ina ya nsomba, ndipo tinkazisiyanitsa ndi malo okha. Yanga inkakhala pampopi wakuseri, ya nsomba m'kachipinda kosungiramo mchere. Lachinayi lililonse ndinkaviika mkanjo woyera wa a Haji m'madzi a klorini kuti Lachisanu apite nawo kumzikiti uli mbee. Tsiku limenelo ndowa yanga inali yodzaza matawulo, ndipo ndinachita ulesi kudikira. Ndinatenga ya nsomba. Ndinati ndiitsuka bwinobwino, adziwa ndani. Nditavuula mkanjo ndinaona kuti madzi akadali oyera, ndipo ndinamva chisoni kuwataya, ndinati ndiviikamonso nsalu za patebulo. Pomwepo ndinamva mawu a a Haji akubwera chakuseri. Ndinanyamula ndowa ija msangamsanga, madzi ali momwemo, n'kukaiika pamalo pake m'kachipinda kuti asaione pampopi. Kenako ndinapita kukayanika.

Bambo anu anali ndi chimfine sabata imeneyo, mphuno zitatsekeka. Kunali nkhungu ndi mphepo yochokera kuphiri, ndiye m'malo motsukira panja monga mwa masiku onse, analowa m'kachipindamo n'kukankha chitseko. Anapeza ndowa yawo pamalo pake ili ndi madzi ooneka oyera, nathiramo asidi.

Ndinamva chitseko chikumenyetseka ndili pachingwe. Ndinawapeza akukwawa panja, maso ali psuu ngati alowa tsabola, malovu akutuluka, akukoka mpweya koma mpweya osalowa. Fungo lake linali lobaya pakhosi. A Haji anabwera akuthamanga, nawanyamula okha kukawaika m'galimoto. "Mayi, tsekani nyumba, mutipeze kuchipatala!" Galimoto itatuluka, ndinadzimanga chitenje kumphuno, ndinakoka ndowa ija ndi ndodo, kukhuthulira m'ngalande, kuitsuka katatu, n'kuibweza pamalo. Ndinachita zimenezo ndisanatseke nyumba, mwamuna wanga ali pakati pa moyo ndi imfa. Ndalemba monga zinalili.

Anagona m'chipatala masiku asanu. Dokotala anafunsa chimene chinasakanikirana ndi asidi. Anati asidi akakumana ndi klorini amabala mpweya wotentha mapapo, kodi panalibe klorini pafupi? Ine ndinayang'ana pansi. A Haji anayankha kuti m'kachipindamo mumasungidwa zinthu zambiri, mwina china chinagweramo. Bambo anu anangotseka maso. Nkhani inathera pomwepo. Anatuluka m'chipatala, koma chifuwa chimene mukuchikumbukira chija anatuluka nacho.

Zaka za ufa wa ndimu

Bambo anu atabwerera kuntchito, a Haji anatulutsa okha chigubu cha chigaza chija. "Chisadzalowenso mumpanda muno," anatero. Bambo anu anapita kumsika n'kugula ndowa yofiira, nalembapo ndi penti yoyera kuti NSOMBA. Anandionetsa akumwetulira. "Iyi ngakhale wakhungu sangaisokoneze." Ndinawayang'ana kumaso, koma iwo anapitiriza kuuzira penti kuti iume, ndipo ndinadziuza kuti akungonena.

Tsono njereza sinamve kuti panyumba pagwa ngozi, inkamatabe. Tinayamba kufunafuna chowawasa china chosapha munthu ndiponso chosapha nsomba. Poyamba tinayesa mandimu. Bambo anu anabwera ndi dengu lonse kuchokera pa Linthipe, tinafinya mpaka zala kuthetheka, koma njereza inangofewa pamwamba, pampu n'kutuluka yonanda. Wa m'sitolo wina anati titenge mankhwala otsukira chimbudzi, poti nawonso ali ndi asidi. Bambo anu ananunkhiza botolo n'kumubwezera. "Achimwene, mukufuna nsomba zife zikununkhira maluwa?" Anati chilichonse chothiridwa fungo, mtundu kapena sopo chimabisala m'ming'alu ya pampu n'kukatulukira m'thanki. Makanika wa malole anati atipatse madzi a batire, a Haji anamuyang'ana diso limodzi, iye n'kuleka. Viniga woyera anagwira ntchito, koma anali wochedwa, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndipo tsiku lina titaiwala pampu yaing'ono m'viniga masiku awiri, pulasitiki yokuta maginito inatupa, kafani n'kukana kuzungulira. Tinaphunzira kuti viniga sakonda kugonerezedwa.

Pomaliza dalaivala wa lole anabwera ndi paketi ya ufa woyera ngati shuga. A Haji ankautchula dzina lachingerezi limene lilime langa linakana, ife tinkangoti ufa wa ndimu. Ndinalawa kambewu kamodzi, nkhope yonse inakwinyika, bambo anu n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ufa umenewu unalibe utsi ngakhale fungo. Masupuni angapo m'madzi ofunda, kuviika pampu m'mawa, pofika masana njereza yafewa ngati phala.

Popeza madzi ozizira ndi kuwerama zinkadzutsa chifuwa, bambo anu anayamba kundiphunzitsa. Iwo ankakhala pampando padzuwa, ine nditagwada pandowa yofiira. Ndinaphunzira kuzimitsa magetsi ndisanagwire chilichonse, kumasula chivundikiro, kusolola kafani osathyola kamtengo kake, kukwecha ndi mswachi umene sunaonepo mankhwala a mano, ndi kutsukuluza katatu ndi madzi oyera.

"Kawiri sikukwanira?" ndinafunsa tsiku lina, msana ukuwawa.

"Koyamba n'kwa pampu, kachiwiri n'kwa nsomba, kachitatu n'kwa tulo tako," anatero.

Zamoyo za m'thankimo anazipatsa mayina. Nsomba yachikasu yaikulu ankaitcha Akatekisiti, chifukwa inkayendera ngodya zonse kuona amene wajomba. Mwala wobiriwira wa pakati ankautcha Nkhwani. Umenewu a Haji anabwera nawo uli ngati chala chachikulu, ndipo m'manja mwa bambo anu unakula ngati mbale yandiwo. Zinali zaka zabwino. Koma chisanu chilichonse ndinkamva chifuwa chija, ndipo kutsokomola kulikonse kunkanditchula dzina. Pokalapa kwa ansembe ndinkanena za mkwiyo, za miseche, za kujomba Misa. Za ndowa sindinanene. Ndinkati ndiwauza kaye bambo anu, ndipo chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa.

Chaka cha maliro, mwezi wa Julayi

Izi mukuzidziwa, munalipo. Chibayo chinawagwira bambo anu Lolemba, Loweruka tinali pagalimoto kupita nawo kwawo kwa Kaphuka. Anamwino anati mapapo anali ofooka kale, analibe pogwira. A Haji anabwera pamaliro, nakhala pansi pamodzi ndi amuna a mpingo wathu, mkanjo woyera uli m'fumbi. Ine ndili m'nyumba ya siwa ndinauona mkanjowo pakhomo ndipo ndinalira kwambiri, amayi n'kumandigwira, osadziwa chimene chandiliza.

Nditameta ndinabwerera kuntchito. A Haji anandiitana pabalaza. "Mayi a Mariya, wochapa ndingapeze wina. Wodziwa mapampu watsala ndinu nokha." Kuyambira pamenepo ndinasiya kuchapa. Ndinkasamalira thanki ndi kuphika tiyi. Patapita zaka ziwiri a Haji anagwa m'sitolo ndi matenda ofa ziwalo. Mbali yamanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a mpopi wouma. Anakana kugona kuchipinda. Bedi linabwera pabalaza, moyang'anana ndi thanki, ndipo tsiku lonse ankangoyang'ana Nkhwani ukugwedezeka. Mwana wawo wamkulu, a Yusufu, anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzayendetsa sitolo. Sanali munthu woipa. Anali waulemu, koma wachangu, foni ili kukhutu nthawi zonse, ndipo thankiyo ankaiona ngati ng'ombe yosakamidwa imene bambo awo aikonda.

Chaka chomaliza, mwezi wa Juni

Inali nthawi imene katundu wakunja ankasowa m'masitolo, magalimoto akugona pamzere wa mafuta. Malole anali atagulitsidwa, ndiye panalibenso wotibweretsera ufa wa ndimu. Paketi yomaliza inatha mu Malichi. Ndinawauza a Yusufu, iwo anati afunsa ku Lilongwe. Ndinawakumbutsa mu Epulo, anati afunsa koma kulibe. Apa ndilembenso kulakwa kwanga. Ndikanatha kugula viniga nthawi yomweyo n'kutsuka pang'onopang'ono mapampu akadali amphamvu. Koma ndinkakumbukira maginito otupa aja, ndinkati ufa ubwera sabata yamawa, ndipo ndinadikira. Pampu yaing'ono imodzi inaima mu Meyi. Yaikulu inayamba mkonono.

Lachiwiri lina m'mawa ndinalowa pabalaza ndipo munali zii. Madzi anali ataima ngati a m'chithaphwi. Pampu yaing'ono yotsala inkangopuma mofooka pangodya. Akatekisiti anali pamwamba akutsegulatsegula pakamwa, ndipo Nkhwani unali utadzitseka. A Haji anali maso, dzanja lawo lamoyo likuloza kabati. Nditamasula pampu yaikulu ndinapeza kafani katamatirira ngati kathiridwa simenti.

A Yusufu anayang'ana, anatuluka, ndipo posakhalitsa anabwera atanyamula chigubu. Ndinachizindikira asanachiike pansi. Chigaza chake chinali chomwechija.

"Mayi, uyu amisiri akuti mphindi khumi ndi zisanu basi. Magolovesi ndi awa."

"Bwana, bambo anu analamula kuti chimenechi chisalowe mumpanda muno."

"Analamula ali ndi ufa wawo. Lero ufa uli kuti? Taonani nsombazo."

"Ndikagula viniga."

"Viniga atenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka madzulo."

"Ndiye pofika madzulo mudzakhala mukutsukira mitembo pampu." Anatsitsa mawu kuti bambo awo asamve. "Mayi, ndikudziwa za malemu. Koma aja anadzitsekera m'chipinda. Inu mutsukira panja, pamphepo. Vuto lili pati? Ine ndikanachita ndekha, koma kumasula sindidziwa, ndingathyole."

Ana anga, a Yusufu ankanena zoona, ndipo ndinkadziwa. Bambo anu anatsukira asidi ameneyo zaka zambiri osavulala. Panja, m'ndowa yofiira imene sinaonepo klorini, madzi ayambe asidi atsatire, palibe chikanachitika. Ndinkadziwa kuposa munthu wina aliyense kuti chimene chinatentha mapapo aja sanali asidi yekha. Koma kuti ndinene zimenezo ndinayenera kunena zonse. Ndinavala golovesi imodzi. Ndinagwira chitsekerero cha chigubu. Nditangochipotoza pang'ono, kafungo kaja kanandifika, ndipo ndinaona bambo anu akukwawa pa simenti. Manja anakana. Ndinavula golovesi n'kuiika pamwamba pa chigubu.

"Sinditha, bwana. Mundichotse ntchito ngati mukufuna, koma sinditha."

"Zikafa, mukawauze nokha bambo," anatero a Yusufu, n'kupita kusitolo.

M'magolosale awiri viniga munalibe. Ndinathamangira kudepoti, kwa anthu a chiwaya amene amakazinga tchipisi, chifukwa iwo sakhala opanda viniga wothira pa kabichi. Ndinapeza bambo wina wonenepa amene ankandidziwa kutchalitchi.

"Amayi a nsomba! Lero mwatsika paphiri. Tchipisi cha zingati?"

"Ndikufuna viniga yense amene muli naye."

"Yense? Mwakazinga munda wonse wa mbatatesi?"

"Woyera, wosathira madzi."

"Aa, amayi, ine kuthira madzi? Ndimaimba kwaya ine."

"N'chifukwa chake ndikufunsa. Kwaya yanu ndimaidziwa."

Anaseka, nawerama pansi pa tebulo n'kutulutsa chigubu china chosatsegula. "Uyu ndiye sanabatizidwe," anatero. Ataona nkhope yanga analeka nthabwala, nandisenzetsa.

Ndinafunditsa viniga pang'ono, ndinaviika pampu m'ndowa yofiira, n'kubwerera pabalaza ndi jagi. Bambo anu anandiphunzitsa kuti magetsi akathima nthawi yaitali uzitunga madzi a m'thanki n'kumawathira kuchokera pamwamba kuti mpweya ulowe. Ndinaima pampando n'kuyamba. Kutunga, kukweza, kuthira. Dzanja lamanja likatopa, lamanzere. Pakapita kanthawi ndinkatsika kukakwecha pampu ndi mswachi, njereza n'kuchoka pang'ono ngati ikuchita kuumira, ndiye ndinkaibweza m'viniga n'kukweranso pampando. A Haji ankandiyang'ana ali pabedi. Masana ndinatulutsa kansomba kamizeremizere katafa. Chakumadzulo Akatekisiti anagona chammbali pamchenga. Dzuwa likupendeka kafani kanagwedezeka pansi pa chala changa. Ndinatsukuluza katatu, ngakhale mtima unkati kamodzi kakwana. Nditalumikiza magetsi pampu inatsokomola, kenako madzi anakwera.

Nsomba zambiri zinapulumuka. Akatekisiti sanadzuke. Nkhwani sunatsegukenso. Tsiku lachitatu unayamba kuyera m'mphepete, nyama yake ikusenda ngati khungu lopsa, ndipo sabata isanathe unali mwala woyera wopanda kanthu, pakati pa thanki, pamene maso a a Haji ankagwera.

Kutha kwa mwezi womwewo

A Yusufu sanandikalipire. Anandiitana pakhonde nati, "Mayi, mwagwira ntchito yaikulu pakhomo pano. Tsopano mukapume. Ndapeza munthu wa ku Lilongwe azibwera kamodzi pamwezi." Sindinatsutse. Ndinamanga katundu wanga, ndipo m'mawa wa tsiku lonyamuka ndinalowa pabalaza kukatsanzika. Ndinagwada pafupi ndi bedi. Ndinali nditakonza mawu othokoza, koma amene anatuluka anali ena.

"A Haji, Nkhwani ndapha ndine. Asidi uja akanagwira ntchito, ndinkadziwa. Ndinachita mantha chifukwa cha chinthu chimene ndinabisa. Tsiku lija, ndowa ya nsomba ndinaviikamo mkanjo wanu. Munali klorini. Ndinaibweza ndi madzi ake, kenako ndinataya kuti musadziwe. Bambo a Mariya ndinawapweteka ndine."

Maso awo anali pathanki. Kenako pakamwa panayamba kulimbana ndi mawu, ndipo ndinasendera pafupi kuti ndimve.

"Ndi... kudziwa."

Ndinadzutsa mutu.

"Fungo. Ndinamva... tsiku lomwelo." Anapuma. "Mkanjo... wanga. Asidi... wanga. Tonse."

"Nanga bambo a Mariya? Ankadziwa?"

A Haji anagwedeza mutu kuvomera. Zinawatengera nthawi yaitali, mawu ena ndinkachita kuwabwereza kuti avomere ngati ndamva bwino, koma zimene ananena ndi izi. Tsiku lachiwiri m'chipatala, ine nditapita kukatenga phala, bambo anu anawagwira dzanja nati: Bwana, musamufunse mkazi wanga, ndipo musamuchotse ntchito. A Haji anafunsa kuti nanga bwanji unathira asidi m'madzi amene sunatunge wekha? Bambo anu anati: Ndinaganiza kuti wanditungira. Ndinati lero kwazizira, Nachisale wandimvera chisoni.

Sindikumbukira kuti ndinagwada pamenepo nthawi yaitali bwanji. Zaka zonse zija ndinkasenza chinthu poopa kuti adziwa, pamene iwo ankachisenza poopa kuti ndidziwa kuti akudziwa. Tinkagona pamphasa imodzi, aliyense atafungatira mbali yake. Ndikanalankhula chaka chimodzi chokha mwa zaka zimenezo, ndikanamva ndi makutu anga akundikhululukira. Ndinamva kudzera pakamwa popotoka pa munthu wina, eni ake atagona kwa Kaphuka.

Pamene ndinkanyamuka, a Haji analoza kukhomo. Ndinaganiza kuti akuti ndizipita, koma ankaloza ndowa yofiira. A Yusufu anati munthu wa ku Lilongwe abwera ndi zipangizo zake, ndiitenge. A Haji anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ndipo ndinamva kuti thanki inagulitsidwa.

Tsopano mwadziwa. Ngati mundikwiyira, kwiyani, poti anali bambo anu. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, makamaka iwe Mariya amene umatsuka nyumba ndi mankhwala ambirimbiri: klorini asakumane ndi chowawasa chilichonse, ndipo madzi amene sunatunge wekha usawakhulupirire, ngakhale aoneke oyera bwanji.

Ndowa ija ili kuno ku Lobi. Penti yafufuta, zatsala zilembo zinayi. Mukabwera musadzachapiremo. M'mawa uliwonse ndimapita nayo pa mjigo, kuitsukuluza katatu, kutunga madzi oyera, n'kuiika pakhomo. Aneba amaganiza kuti ndi ya nkhuku, ndipo nkhuku zimamwadi, koma ine ndimatungira bambo anu. Miyezi yozizira ndimalawirira kwambiri, nkhungu isanachoke.